Mzere wa 80 ndi Dzanja la Amidu

Musayambe kuomba m'manja, a Mbewe, simunamve kanthu. Mukamva zonse mwina mufuna kundigenda ndi mpando mwakhalirawo.

Dzina langa ndine Fanuwelo. Ena a inu mumandidziwa kuti Injiniya, dzina limene ndinadzipatsa ndekha, palibe sukulu inandipatsa. Kwathu ndi kwa Kuntaja, koma ndakulira pamsewu wa ku Chileka, kunsi kwa magalimoto. Lero ndakwanitsa chaka ndi miyezi inayi osalawa mowa. Koma musaganize kuti mowa ndi umene unandigwetsa. Mowa unandipeza ndili pansi kale. Chinandigwetsa ine ndi bodza limene ndinasenzetsa munthu wosalakwa, ndipo bodzalo linabadwa pa nambala imodzi imene sindinaimvetse, koma ndinachita manyazi kufunsa.

Ndinali ndi galaja yanga kufupi ndi msewu wopita kubwalo la ndege. Ntchito ndinkaidziwa, pamenepo sindinganame pofuna kuoneka wodzichepetsa. Injini ikangolira ndinkadziwa pamene pakuipweteka ndisanatsegule boneti. Kenako ndinagula laputopu yakale ndi chingwe cholumikiza ku kompyuta ya galimoto, basi mutu unakula. Amakaniko anzanga ndinayamba kuwatcha a sipanala. Laputopuyo batire yake inali yakufa, inkayaka pokhapokha ili pasoketi ya kukhoma, koma ndinkainyamula m'khwapa ngati dokotala.

Tsiku lina anabwera a Twaibu, mkulu wa malonda wa ku Mdeka amene amagula nandolo kwa alimi n'kukagulitsa ku Limbe. Pikapu yawo injini inali itatha, ndiye anagula ina yogwirapo kale ntchito, ya petulo, yokhala ndi tebo. Tebo ndi kachipangizo kamene kamakankhira mpweya wambiri m'injini kuti ikhale ndi mphamvu. Kompyuta yakale inakana kugwirizana ndi injini imeneyi, ndiye anaitanitsa ina ku Joni, ya mtundu umene makaniko amalembamo yekha manambala. Anafunsa m'magalaja angapo, onse anakana. Ine ndinati bweretsani, zimenezo ndi zanga.

Anabwera ndi dalaivala wawo, Amidu, mwana wa mchemwali wawo. Bambo wa ana awiri, wosamwa, wosasuta, wolankhula motsitsa mawu. M'mawa uliwonse asanalize galimoto ankatsegula boneti, kuyang'ana madzi ndi oilo. Ndinamuona akuchita zimenezo masiku onse amene pikapu inagona pagalaja panga, ngakhale sinkapita kulikonse.

Ndikufotokozereni pang'ono za ntchitoyo, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Amayi akumbuyoko musagone, si zovuta. Mu kompyuta ya injini muli tebulo la timabokosi, ngati lija la matayimusi kupulayimale. Mizere yake imatsata presha ya mpweya umene ukulowa m'injini: mzere wa 20, wa 40, wa 60, wa 80, wa 100, mpaka kupitirira 200. Mumzere uliwonse umalembamo petulo woyenera. Mpweya ukachuluka, petulo nayenso achuluke. Petulo akachepa pamene mpweya wachuluka, m'kati mwa injini mumatentha ngati ng'anjo ya njerwa, ndipo pisitoni imasungunuka.

Padashibodi tinamangapo geji ya tebo, kawotchi ka muvi. Injini ikazima muvi umagona pa ziro. Amene anagulitsa injiniyo ananena kuti tebo ikakoka mwamphamvu muvi umafika pa 80. Ine ndinayang'ana patebulo, ndinaona mzere wa 80, ndinati basi ndi pomwepa. Ndinathira petulo wambiri mumzere wa 60, wa 80 ndi wa 100. Mizere ya pamwamba pa 100 sindinaikhudze n'komwe. Ndinati galimoto iyi sidzafikako kumeneko, imeneyo ndi mizere ya azungu a mipikisano.

Chenjezo linabwera, sindinganene kuti silinabwere. Nditatembenuza kiyi, injini isanalire, laputopu inalemba 92. Geji ili pa ziro, laputopu ikuti 92. Amidu anali ataima kumbuyo kwanga.

"A Injiniya, nanga iyi ikuti 92 bwanji injini ili chete?"

Chifukwa chake sindinkachidziwa. Pagalaja panali anthu, ena amakaniko anzanga aja ndinkawanyoza, atabwera kudzaonerera. Ndinati, "Zinthu za ku Joni zimatero zikakhala zatsopano. Inu ntchito yanu ndi chiwongolero, izi tisiyireni eni ake."

Anthu anaseka. Amidu anangoti, "Pepani," n'kubwerera m'mbuyo.

Ndinaliza injini pabwalo, ikutulutsa utsi wakuda, ine n'kumati onani, petulo akukwanira. Kenako tinaiyesa pamsewu, yopanda katundu, pang'onopang'ono. Laputopu inatsala pagalaja chifukwa cha batire ija, choncho sindinaonepo ndi maso anga mzere umene injini imafika ikamakoka. Ndinapereka makiyi kwa a Twaibu ngati ndapereka mwana wobadwa kumene.

Inatha masiku asanu ndi limodzi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri, masana dzuwa lili pamutu, mwezi wa Okutobala, Amidu ananyamuka ku Mdeka atadzaza matumba a nandolo. Pamtunda uja wolowera kuno ku Lirangwe anaponda mafuta mpaka pansi, monga dalaivala aliyense angachitire. Injini inaphulika, chitsulo chinaboola m'mbali, oilo yense anakhuthukira pa ekizozi yotentha, moto n'kubuka. Munthu wina akanathawa. Amidu anaganiza za galimoto ya amalume ake, anathamangira kutsogolo, n'kugwira boneti ndi dzanja lamanja kuti atsegule. Dzanja limenelo linapsa mpaka minyewa.

Ali m'chipatala ku Blantyre, a Twaibu anakokera pikapu kunyumba kwawo n'kundiitana. Ndinamasula injini pamaso pawo. Pisitoni imodzi inali ndi bowo loti chala chachikulu n'kulowa. Mapulagi anali oyera ngati ufa. Makaniko aliyense amene ali muno akudziwa tanthauzo lake: petulo anachepa. Ndipo kunsi konse kwa galimoto kunali oilo wopserera, kusonyeza kuti oilo analimo wodzaza. Ndinadziwa kuti vuto lachokera m'manja mwanga, ngakhale sindinadziwe kuti ndinalakwitsa pati.

A Twaibu anaima pafupi, atagwira kofiya wawo m'manja. "Tandiuzani zoona, a Injiniya. Chachitika n'chiyani?"

Abale anga, panali mpata pamenepo. Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. Koma mawu akuti sindikudziwa anali asanatulukepo pakamwa panga chigulire laputopu ija. Ndinasolola kachitsulo koyezera oilo. Kanatuluka kouma, nanga oilo si anali atatayikira pabowo lija. Ndinakaonetsa kwa a Twaibu.

"Injini iyi yayenda yopanda oilo," ndinatero.

Sindinatchule dzina la munthu. Panalibe chifukwa chotchulira. A Twaibu anali atagula oilo watsopano sabata yomweyo n'kumupatsa Amidu m'manja. Pofika madzulo Mdeka yense ankadziwa kuti Amidu anagulitsa oilo wa amalume ake kwa anyamata a njinga zamoto. Atatuluka m'chipatala anapeza banja litagamula kale. Anakana, analumbira, koma mawu a dalaivala angapose bwanji mawu a Injiniya wa laputopu? Anamutulutsa m'nyumba imene ankakhala pamalo pa amalume ake. Mayi ake ndi a Twaibu, ana a mimba imodzi, anasiya kupatsana moni. Dzanja linapola litapindika, zala zitakhwinyata, moti chiwongolero sakanachigwiranso. Anasamukira kuno ku Lirangwe, n'kumagulitsa anyezi ndi tomato pa kabenchi.

Ine ndinabwerera ku Chileka dzina langa lili loyera. Koma manja anga anayamba kundiopa. Ndikatsegula laputopu ndinkachita mantha, chifukwa ndinkadziwa kuti m'menemo muli chinthu chimene chinatentha munthu, ndipo sindikuchiona. Ndinayamba ndi botolo limodzi ndikaweruka, kuti ndigone. Kenako limodzi ndisanayambe ntchito, kuti manja akhazikike. Kenako timabotolo tija ta m'thumba. Kenako kachasu, kuseri kwa msika, ndi anthu amene kale sindinkawapatsa ngakhale moni. Ndinaiwala kumanga mawilo a minibasi ya munthu, mwamwayi wilo limodzi linagwedera isanatuluke pageti. Makasitomala anatha ngati madzi a m'chithaphwi. Laputopu ndinamwera, jeke ndinamwera, bokosi la masipanala limene anandisiyira malemu bambo anga ndinamwera. Akazi anga, mayi a Chisomo, anapirira chaka ndi theka. Tsiku limene ndinakankha mwana wathu chifukwa anandibisira nsapato kuti ndisatuluke, anamanga katundu n'kubwerera kwa makolo awo kwa Kuntaja. Sanakuwe, sanatukwane. Anangoti, "Bambo a Chisomo, pali chimene chikukudyani, ndipo simukufuna kuchitchula. Chikakumalizani ndidzabwera kudzalira."

Mwini malo anatseka galaja. Msuweni wanga amene amamata matayala pano pa Lirangwe anandimvera chisoni, anati bwera uzindipopera. Injiniya uja, kumapopa matayala a ngolo ndi njinga.

Pansi penipeni ndinafika tsiku lina la msika. Ndinadzidzimuka masana ndili m'ngalande, ntchentche kumaso, buluku litanyowa, ndipo musandifunse kuti linanyowa ndi chiyani. Anthu ankadutsa, ena kuseka, amayi ena kulavula. Ndinamva munthu akundikoka ndi dzanja limodzi, movutikira, kundichotsa padzuwa. Anandifikitsa pamthunzi wa golosale, anandifunditsa thumba la anyezi m'chiuno kuti abise manyazi anga. Nditakweza maso ndinaona zala zokhwinyata zija.

"A Injiniya, musadzitaye chonchi," anatero Amidu. "Anthu odziwa ntchito ngati inu ndi ochepa."

Akananditukwana ndikanapepukidwa. Munthuyo sankadziwa kanthu, ankandilemekezabe. Ndinadzida tsiku limenelo kuposa tsiku lina lililonse, ndipo mukudziwa chimene ndinachita? Ndinadzuka n'kukamwanso. Musanamizidwe kuti manyazi amasiyitsa mowa. Manyazi ndi ndiwo zake.

Chinanditembenuza ndi tayala lakuphwa. Panali patadutsa zaka zitatu chichitikire ngozi ija. M'mawa wina, msuweni wanga atachokapo, panaima kagalimoto kakang'ono. Munatuluka mayi wina wovala ovolosi, anati dzina lawo ndi a Makwinja, amakonza ndege zing'onozing'ono ku Chileka, ndipo amapita ku Mdeka kukaona mayi awo. Mumtima ndinati, mzimayi kukonza ndege, dziko latha. Mwano unali usanandithere ngakhale ndinali wonunkha.

Ndinaika geji patayala, muvi sunasunthe. "Ziro," ndinatero. "Mulibe mpweya ngakhale pang'ono."

"Mpweya ulimo, bambo," anatero akuseka. "Mukadakhala mulibe, tayalali likadamatana ngati pepala la shuga loyamwidwa. Muli mpweya wofanana ndi umene tikupumawu. Geji yanuyo siuwerenga umenewo, imangowerenga wowonjezera."

Ndinati, "Mayi, ine ndagwira mageji musanabadwe."

"Mwagwira a mtundu umodzi," anatero. Anali munthu wokonda kuphunzitsa, wa anthu aja oti ukawafunsa nthawi amakuuza mmene wotchi imapangidwira. Anakhala pa tayala lakale n'kupitiriza. "Mpweya uli pamwamba pathuwu ndi wolemera, umatipanikiza tonse, kungoti tinazolowera. Ndiye pali mawerengedwe awiri. Geji ya matayala imayambira pa mpweya wa panja, imautenga ngati ziro. Koma pali mawerengedwe ena, timati abusoluti, amene amayambira pamene palibiretu mpweya. Mu ndege zathu, geji ya mpweya wolowa m'injini sigona pa ziro injini ikazima. Imaonetsa kulemera kwa mpweya wa pabwalo. Ikagona pa ziro ndege imeneyo sinyamuka, ndiye kuti geji yafa."

Ndinasiya kupopa. Ndinafunsa, "Nanga kompyuta ya galimoto imawerenga ziti?"

"Zambiri zimawerenga ngati ndege. Mukatembenuza kiyi injini isanalire, kunyanja ya mchere imalemba cha m'ma 100. Kuno tili pamtunda, mpweya ndi wopepukirapo, ku Chileka imalemba 92 kapena pafupi pamenepo."

Abale anga, ndinakhala pansi pa dothi. Nambala imene ndinainyoza pamaso pa anthu, imene Amidu anaiona n'kufunsa, inali yoona. Ndinatola kamtengo, ndinalemba padothi 80.

"Geji ya tebo ikamati 80, kompyuta ili pamzere uti?"

A Makwinja anatenga kamtengoko, analemba 92 pansi pake, n'kujambula mzere. "Wonkhetsani nokha."

172. Injini ija pamtunda wa Lirangwe inali pamzere wa 172, kumene ine sindinalembeko kanthu. Inkameza mpweya wochuluka pafupifupi kawiri, petulo ali wa mzere wa 100. Ine ndinadyetsa mizere imene galimoto imadutsa ikamayenda pang'onopang'ono, n'kusiya ndi njala mizere imene imafika ikasenza katundu.

"Mwatani, bambo? Mwadwala?" anafunsa mayi aja.

Ndinawauza zonse. Munthu woyamba kumuuza, mlendo, pambali pa msewu. Kuseka kuja kunatha. Kenako anati, "Kulakwitsa nambala amalakwitsa aliyense, ngakhale ife. N'chifukwa chake kwathu munthu sasainira yekha ntchito yake. Koma zinazo si nambala ayi. Munthuyo ali moyo?"

Ndinaloza ndi mutu kumsika. Benchi yake inkaoneka pamene tinakhalapo.

"Ndiye mukudikira chiyani? Malizani tayala langa, muzipita."

Sindinapite tsiku limenelo, ndisakunamizeni. Zaka zitatu zonse ndinali ndi pobisala. Ndinkadziuza kuti popeza sindikudziwa chimene ndinalakwitsa, mwina sindinalakwitse, mwina injini inabwera yowonongeka. Tsopano pobisala panatha, ndipo ndinaona kuti ndikapita ndili chiledzerere adzati ndi mowa ukulankhula. Kuti mawu anga amveke, ndinayenera kuyamba ndasiya. Ndinasiya mowa chifukwa ndinkafuna kuti anthu andikhulupirire kamodzi kokha.

Mmene ndinachitira ndi umu, mwina wina zimuthandiza. Ndinauza msuweni wanga kuti asandipatsenso ndalama m'manja, azindigulira chakudya basi. Masiku atatu oyamba ndinanjenjemera, kusanza, kuona zinthu zoyenda pakhoma. Anandinyamula panjinga kupita kuchipatala, ndipo ndikukuuzani, amene mwamwa zaka zambiri musasiye muli nokha m'nyumba, mutha kufa, pitani akakuoneni. Ndinasintha njira yopitira kuntchito kuti ndisadutse kuseri kwa msika. Anzanga akumowa ankandiitana, "Injiniya, watipandukira?" Ndinkangoweramitsa mutu. Ndinagwa kamodzi, sabata yachisanu, pamaliro. M'mawa mwake ndinayambanso kuwerenga kuchokera pa tsiku loyamba. Kenako ndinabwera m'kalasi muno mwa osiya mowa Loweruka lina, ndinakhala pampando wakumbuyo uko, osalankhula mwezi wathunthu.

Nditatha miyezi iwiri ndinapita kwa Kuntaja kukaonana ndi mayi a Chisomo. Ndinawauza chimene chinkandidya. Anamvetsera akusenda chinangwa, osandiyang'ana. Nditamaliza anati, "Ndiye mwana wa eni ake wakhala akutchedwa wakuba zaka zitatu, inu mukudziwa? Kwa ine musabwere kaye. Yambani kumeneko."

Ndinabwereka laputopu kwa mmodzi wa amakaniko aja ndinkawatcha a sipanala. Anandibwereka osandikumbutsa kanthu, zimenenso zinandipweteka. Ndinatumiza uthenga kwa a Twaibu kuti ndikufuna kuwaona Lachisanu akachoka kumzikiti, ndipo Amidu ndi mayi ake akhalepo. Anadabwa, koma anavomera.

Pikapu ija inali ikadali kuseri kwa nyumba yawo, nkhuku zikuikira mazira pampando. Moto sunafike kunsi kwa dashibodi, choncho kompyuta inali yamoyo. Ndinailumikiza ku batire, n'kuika laputopu pa mpando pakhonde. A Twaibu anakhala pampando wawo. Mchemwali wawo, mayi a Amidu, anakhala pamkeka chapatali, atatembenukira kumbali. Amidu anakana kukwera pakhonde. Anaima pabwalo, dzanja lija atalibisa m'thumba.

Laputopu itayaka inalemba nambala ya mpweya wa panja, injini palibe n'komwe. Ndinawaonetsa tebulo, mizere imene ndinadzaza ndi imene ndinaisiya. Ndinafotokoza monga ndakufotokozerani inu. Kenako ndinanena mawu amene ndinabwerera.

"A Twaibu, injini yanu ndinaipha ndine. Oilo analimo wodzaza, ndinauona ndi maso anga kunsi kwa galimoto. Kachitsulo kanatuluka kouma chifukwa oilo anatayikira pabowo. Ndinadziwa tsiku lomwelo kuti Amidu sanalakwe, ndipo ndinanama kuti nditeteze dzina langa."

A Twaibu anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Mayi a Amidu anayamba kulira chapansipansi, kenako anatembenukira kwa mlongo wawo. "Achimwene, ndinakuuzani. Ndinakugwadirani pakhonde pomwe pano." A Twaibu anandiyang'ana ine n'kunena kuti, "Ndinathamangitsa mwana wa mlongo wanga chifukwa cha inu. Galimoto ndi chitsulo, ndikanakukhululukirani tsiku lomwelo. Mukanangonena." Anaimirira, anatsika pakhonde, anapita pamene panaima Amidu, munthu wamkulu ngati uja, n'kugwada pa dothi.

Za ntchito ndinene mwachidule, pakuti ndaona amakaniko atatu muno. Ndinabwerera ku magalimoto, ndine wolembedwa pagalaja ya munthu wina, ndipo dzina la Injiniya ndinalikana. Musanalembe nambala iliyonse mu kompyuta, tembenuzani kiyi injini ili chete, muone ikulemba chiyani. Ikalemba ziro, ikuwerenga ngati geji. Ikalemba cha m'ma 90, ikuwerenga abusoluti, ndiye pa nambala ya geji ya tebo muziwonjezera mpweya wa panja. Musasiye mzere wopanda petulo wokwanira poganiza kuti galimoto sidzafikako. Muziyesa pamsewu, pamtunda, itasenza katundu, wina akuyendetsa inu maso ali pa laputopu. Ndipo munthu akakufunsani chinthu chimene simukuchidziwa, muuzeni kuti simukudziwa. Mawu amenewo sanaphepo munthu.

Mayi a Chisomo anabwerera mwezi wathawu, akuti akundiyesa kaye. A Twaibu anaimirira pamaso pa abale ndi anthu a kumzikiti n'kuyeretsa dzina la mphwawo, ndipo pano Amidu ndi amene amayang'anira sikelo yogulira nandolo. Koma musaganize kuti nkhaniyi inathera pa chisangalalo, chifukwa sindinakuuzeni chimene Amidu ananena tsiku lija.

Amalume ake atadzuka pa dothi paja, Amidu anabwera pakhonde pang'onopang'ono. Ndinkayembekeza kuti andimenya, ndipo ndinali wokonzeka. Anawerama, anayang'ana manambala aja nthawi yaitali, kenako anandifunsa motsitsa mawu monga mwa masiku onse.

"Ndiye kuti oilo ndinathira?"

Ndinati, "Munathira, Che Amidu."

"Mukunenetsa?"

"Ndikunenetsa. Unali wodzaza."

Kenako anati, "Chaka choyamba ndinkadziwa kuti ndinathira. Ndinkakumbukira chigubu chake, ndi pamene ndinaima. Koma aliyense ankati a Injiniya ayeza, a Injiniya sangalakwitse. Ndiye ndinayamba kuganiza kuti mwina ndinalota, mwina ndinathira tsiku lina. Chaka chathachi ndinapita kwa amayi kukawapepesa kuti ndinawachititsa manyazi. Ndakhala ndikupempha Mulungu kuti andikhululukire chinthu chimene sindinachite."

Ndinkadziwa kuti ndinamulanda ntchito, nyumba ndi dzanja. Sindinkadziwa kuti ndinalowanso m'mutu mwake n'kumulanda ngakhale chimene anachiona ndi maso ake. Ndinagwada, ndinati andikhululukire. Anandiyang'ana, sanakwiye, sanamwetulire.

"Lero ayi," anatero. "Lero ndikufuna ndikhale kaye munthu amene anathira oilo."

Mpaka pano sanandiyankhe, ndipo sindimukakamiza, ndi ufulu wake. Tikakumana amandipatsa moni ndi dzanja lamanzere.

Ndiye inu amene mwakhala muno, ndikudziwa kuti ena mumamwa chifukwa pali munthu kwinakwake amene akusenza katundu wanu. Mukuti mudzapita mukadzakonzeka, mukadzapeza mawu abwino. Ine ndinadikira zaka zitatu, ndipo tsiku lililonse limene ndinkadikira, munthu uja ankaphunzira kukhulupirira bodza langa. Pitani akadakumbukira kuti sanalakwe.